Mayi wa Goloboyi Kuseri kwa Mpanda

Mayina a matauni amene ndinayendamo ndinawaiwala, ndipo sindidandaula nazo. Chimene ndimakumbuka ndi mipanda ya mabwalo a mpira: wina wa njerwa, wina wa malata, wina wa udzu womangidwa dzulo lake, wina wa ziguduli zongopachika pamitengo. Yonseyo ndinaionera kuseri. Ndikamalota, mipandayo imalumikizana n'kukhala mpanda umodzi wautali, ine ndikuyenda m'mbali mwake dengu lili pamutu, mkatimo anthu akukuwa dzina la mwana wanga.

Mpira ndinaukonda ndisanakwatiwe. Ndinali mkazi uja amalanda mwamuna wake wailesi. Malemu bambo a Yotamu ankandikweza panjinga kupita kukaonera mipikisano ya makoleji, ija imachitika nyengo ya mpira ikamayamba, mvula ikupita kumapeto, chimanga chili chachiwisi. Matimu angapo amakumana pabwalo limodzi n'kusewera Loweruka ndi Lamulungu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Udzu umakhala wautali, osewera amakhala atanenepa ndi tchuthi, aphunzitsi a matimu amayesa anyamata atsopano. Odziwa mpira timaikonda nthawi imeneyo chifukwa palibe amene wagonja kale. Aliyense amabwera akudzitama.

Yotamu, mwana wanga yekhayo, ndinamuona akugwira mpira wachikulunga pakati pa miyala iwiri ali wamng'ono. Atasankhidwa kupita kukoleji ya aphunzitsi, anamuika pagolo wa timu ya kumeneko, golo weniweni wokhala ndi ukonde. Bambo ake anamwalira mvula yomweyo, asanamuone. Ndinadziuza kuti ine ndikamuonera tonse awiri. Ndinkadziwanso kuti nthawi ndi yochepa, chifukwa zaka za koleji sizichedwa, ndipo akamaliza adzamutumiza kusukulu ina yakutali kumene mpira wake udzathera.

Mpikisano woyamba unali m'tauni ya pamphambano, ya minibasi zambiri ndi fumbi lofiira. Ndinapita nditavala zakuda, mutu uli wometa, m'manja muli chimanga chophika chokulunga m'kansalu. Nditalowa pageti ndinamuona Yotamu akudziwongola chakutsogolo kwa golo wake. Ndinazungulira kumbuyo, ukonde anali asanaumange, ndipo ndinadutsa pakati pa mitengo iwiri ya golo ngati mmene munthu amalowera pakhomo. Ndinamupatsa chimanga chija. Ng'oma za ochemerera zinaleka kulira.

Munthu amene anandigwira pamkono anali a Mbalule, wapampando wa ochemerera timuyo. Anali bambo wamimba, wa chipewa cha mitundu ya timu, amene anaphunzirapo pakolejipo kalekale n'kulephera kuchokapo. Ananditulutsa mpira usanayambe. Ndinaima kuseri kwa mpanda ndikumva anthu a timu ina akukuwa, kukuwanso, kukuwanso. Zigoli zinagwa ngati mango akupsa.

Madzulo ake a Mbalule anandipeza pamene anandisiya paja.

"Mayi, mwatipha," anatero. "Pansi pa mzere wa golo uja tinakwirirapo zinthu. Inu mwapondapo ndi zovala za maliro. Mankhwala onse asukuluka."

"Ine ndinali kunja kuno, bambo," ndinayankha. "Mkatimo munali inu ndi anyamata anu. Kodi ndine ndimatchinga kumbuyo?"

"Sitikukangana nanu. Mukadzalowanso m'bwalo timu yathu ikusewera, mwana wanu adzakhala pabenchi mpaka kumaliza sukulu."

Mphunzitsi wa timu anali pomwepo, munthu wa magalasi, wophunzitsa sayansi. Ndinamuyang'ana kuti anenepo kanthu. Iye ankayang'ana nsapato zake. Yotamu anabwera pambuyo pa onse, maso ali ofiira.

"Amayi, pepani," anatero. "Ingopirirani nyengo ino yokha. Anthuwa aiwala."

Ndinapsa mtima tsiku limenelo, ndipo sindikukumbuka tsiku limene mtimawo unazizirapo. Koma kukhala kunyumba sindikanatha. Kumene timu yapita, ine ndinkapitanso, pamatola, pakabaza, nthawi zina wapansi. Ndikafika ndinkapita pageti, pagetipo n'kupezapo a Mbalule. Sindidziwa kuti ankayenda bwanji bambo amene uja. Ndikanyamuka tambala asanalire ndinkawapeza afika kale, chipewa chili pamutu, akumwetulira ngati tinapangana.

M'tauni ina munali njanji imene sitima inasiya kudutsapo. Mbuzi zinkagona pasiteshoni. Kuseri kwa bwalo ndinapeza a Fanuwelo, bambo wowonda amene ankasunga njinga za anthu oonera mpira. Anaona kuti ndangoima ngati mtengo, ndiye anati ndiwathandize. Anandiphunzitsa kuti njinga suidziwira pankhope ya mwini wake, chifukwa munthu amalowa m'bwalo ndi nkhope ina n'kutuluka ndi ina. Umaidziwira pachishalo, pamphira wokulunga pachigwiriro, pamalilidwe a belu. Anandiphunzitsanso chinthu china chimene sindinawapemphe.

"Ine zaka zonsezi mpira ndimaonera ndi makutu, mayi," anatero. "Tamverani. Phokoso likakwera n'kudukira panjira, mpira wapita pamwamba. Likaphulika mbali imodzi, mbali inayo kuli zii, chimenecho ndi chigoli. Koma mukamva onse akoka mpweya, kenako m'manja, dziwani kuti goloboyi wagwira."

Ndinatchera khutu. Onse anakoka mpweya, kenako m'manja, kenako dzina la Yotamu likudutsa pamwamba pa malata. A Fanuwelo anaseka, akuganiza kuti andipatsa mphatso. Ine zinangondiwawa. Zinali ngati kununkhiza ndiwo za eni ake uli ndi njala. Mwana ndinabereka ndine, ndinamusambitsa ndine, koma womuona akuuluka anali woledzera aliyense amene walipira pageti.

Masewero atatha Yotamu anatuluka n'kudzandipeza pakati pa njinga. Anadya chimanga chimene ndinamusungira ataima.

"Amayi, pirirani pang'ono," anatero. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndinamuuza kuti nkhono imeneyo ndaidikira mokwanira, ndipo ngati maso ake ndi a Mbalule, ine sindikuwafuna. Anaseka, basi ya timu inaliza hutala, iye n'kuthamanga.

Mvula inapita, ina inabwera. Zakuda zija ndinavula monga mwa mwambo, tsitsi linamera. Ndinagula chitenje chatsopano chamaluwa n'kupita kumpikisano wa kudera la maesiteti, kumene minda yobiriwira imafika mpaka m'mbali mwa bwalo ndipo nkhungu siichoka msanga. Ndinafika pageti mutu uli m'mwamba.

"Taonani, bambo," ndinatero, ndikutambasula chitenje. "Maliro anatha."

A Mbalule anandiyang'ana kuchokera kumutu, maso awo n'kukaima pansi.

"Zovala munavula, mayi. Koma mapazi ndi omwe aja."

Ndinawafunsa ngati akufuna ndiwadule mapaziwo ndiwasiye pageti. Anthu anaseka, koma panalibe amene anati alekeni alowe. Amuna akuluakulu, ena ovala mataye, ena ophunzitsa ana a anthu masamu, onse akuopa mapazi a mkazi wamasiye.

Kuseri kwa mpanda umenewo kunali Nasibeko, mayi wootcha chimanga, wa mawu okhuthala ngati a mwamuna. Anati ukaipa dziwa nyimbo, n'kundipatsa chikatoni chokupizira moto. Anandiphunzitsa kusankha chimanga pochitsina ndi chikhadabo, kuchitembenuza chisanalire kawiri, ndi kusunga chokhwima mpaka mpira utatha, chifukwa anthu ogonja amatafuna chilichonse osadandaula. Ndinaphunzira msanga. Manja anga anachita zikang'a ndipo zovala zanga zinkanunkha utsi.

Tsiku limenelo timu ya Yotamu inagonja ine ndili kunja. Ndinaganiza kuti tsopano aona okha. Koma a Mbalule anabwera ndi anzawo awiri n'kunena kuti utsi wa mbaula yanga unadutsa pamwamba pa mpanda n'kukafika pagolo. Mawa lake timu inapambana, iwo n'kunena kuti yapambana chifukwa mphepo inatembenuka. Ndi mmene zinalili zaka zonsezo. Kugonja kunali kwanga, kupambana kunali kwawo.

Nasibeko anandisonyeza chulu chimene chinali chapatali pang'ono, m'munda mwa eni ake. Ndinakwera chokwawa, ine mayi wamkulu. Pamwamba pake ndinkaona mtanda wokha wa golo, woyera, ukuyandama pamwamba pa mpanda m'nkhungu muja. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako ndinaona manja awiri ovala magolovesi akukwera pamwamba pa mtandawo, akugwira mpira, n'kutsika nawo. Basi. Manja okha. Ndinakuwa pachulupo ngati wamisala. Wina anandimva, ndipo chigawo chachiwiri chisanayambe lole ya esiteti inadzaima pakati pa ine ndi bwalo.

Kunali matauni enanso. Kwina ndinaphunzira kusoka mipira yong'ambika, kwina kugulitsa madzi a m'mapepala, kwina ndinangotayako nsapato m'matope. Malo onsewo kunali geti, a Mbalule, mpanda, phokoso, ndipo pamapeto Yotamu ankatuluka n'kudya chimanga ataima. Koma mwanayo ankasintha. Mapewa anakula, mawu anachepa. Zoti anthuwa aiwala anasiya kunena. Ndinaona kuti timu yonse siilowanso pageti, imalumpha mpanda poopa mankhwala a adani, iyenso akulumpha nawo. Ndinaona kachingwe kakuda pamkono pake, pansi pa golovesi. Nditamufunsa anati ndi zongosangalatsa anzake. Tsiku lina ndinaona kuti poyandikira pamene ndakhala, amayamba wayang'ana pamene ndaponda.

Nyengo yake yomaliza inafika ngati mlendo wosaodira. Mpikisano womaliza unali m'tauni ya m'chigwa, yotentha, ya milambe ndi nyumba zoyera. Timu yake inapambana masewero a Loweruka, ndipo Lamulungu inali yoti ilimbirane chikho. Ndinadziwa kuti ndikapanda kumuona tsiku limenelo, sindidzamuonanso pagolo mpaka kufa.

Loweruka lomwelo ndinakumana ndi a Zakeyu, wosamalira bwalolo, bambo wokalamba amene msana unali utawakana. Ankakoka thumba la laimu pansi ngati akukoka mbuzi yokana kupita kumsika. Ndinalisenza pamutu n'kuwafunsa kokalitula. Panjira ndinawauza nkhani yanga yonse, chifukwa munthu wokwiya sasunga nkhani. Anamvetsera osandidula.

"Ine ntchito yanga ndi mizere, mayi," anatero. "Zimene anthu amakwirira pansi pake si zanga. Mawa m'mawa ndiyenera kubwereza mizere yonse, koma kuwerama sindingathe. Ngati mapazi anuwo amayenda mowongoka, bwerani nawo."

Kutacha ndinalowa m'bwalo kudzera kakhomo ka kumbuyo, kosungirako maukonde. Munalibe munthu. Mame anali paudzu, ndipo mapazi anga ankasiya zizindikiro zakuda paliponse pamene ndaponda. A Zakeyu anandibwereka ovolosi yawo yakale ndi chipewa cha mlaza. Anandiphunzitsa kukhoma zikhomo, kukoka chingwe mpaka chilire, ndi kugwedeza chitini chobooka chothirira laimu pang'onopang'ono. Anati wothira laimu sayang'ana mapazi ake, amayang'ana chikhomo chakutsogolo, apo ayi mzere umakhota. Ndinajambula mizere ya m'mbali, wa pakati, bwalo lozungulira lija. Mphepo inkandibwezera laimu kumaso mpaka ndinayera mbee.

Pamzere wa golo ndinapeza dothi lofukulidwa chatsopano, kadzenje kokwiriridwa mofulumira n'kuikapo udzu pamwamba. Ndinaima. Ndinapondapo ndi chidendene, mwadala, n'kuchitembenuza ngati ndikuzima kandudu ka fodya. Ndinapita kugolo winayo n'kupezanso kadzenje kena, ka timu inayo kapena ka omwewo, sindikudziwa. Nakonso ndinakaponda, kuti pasakhale kukondera. Kenako ndinathirapo laimu wowongoka bwino.

Anthu atayamba kulowa, a Zakeyu anandikhazika pakona, chidebe chili pakati pa miyendo, chipewa nditachitsitsa. A Mbalule anadutsa pafupi kwambiri moti ndinamva fungo la mowa wa dzulo. Anayang'ana mzere, n'kundiyang'ana ine.

"Madala, lero mwajambula bwino," anatero. "Mzere wotere umabweretsa mwayi."

Ndinagwedeza mutu. Ndikanatsegula pakamwa ndikanawaluma.

Wezulo inalira, ndipo ndinamuona mwana wanga. Sindinaone mpira, sindinaone anyamata enawo, ndinaona iye yekha. Anali wamtali kuposa mmene amaonekera akamadya chimanga. Ankalankhula nthawi yonse, kukalipira otchinga kumbuyo ndi mawu amene ine sindinkawadziwa, mawu a bambo wolamula pakhomo pake. Mpira ukakhala kutali ankayenda chammbali ngati nkhanu, osapingasa miyendo. Anali ndi vuto limodzi, ndipo ndinaliona msanga: mpira ukamenyedwa kuchokera pakona ankatuluka mofulumira, mpira usanasankhe kopita. Kawiri konse anapulumuka mwamwayi. Ndinkafuna kumukuwira kuti dikira, iwe, dikira, koma ndinameza mawu.

Chigawo chachiwiri timu yake inali itachinya chigoli chimodzi, ndipo inayo inkabwera ngati madzi osefukira. Mnyamata wina wothamanga anadutsa onse n'kutsala yekha ndi Yotamu. Bwalo lonse linakoka mpweya, phokoso lija ndinkalidziwa. Koma zimene zimachitika mkati mwa phokosolo ndinali ndisanazionepo. Yotamu sanathamange. Anayandikira pang'onopang'ono, manja ali pansi, akudzikulitsa, mpaka mnyamata uja anayang'ana mpira. Pomwepo anadziponya kumapazi ake, mutu patsogolo, osaopa nsapato, n'kuukumbatira mpirawo pachifuwa ngati khanda. Nthungululu inakwera pakhosi panga. Ndinaluma mkono wa ovolosi mpaka laimu anandiwawa m'kamwa. Ndinalira, misozi ikujambula mizere pankhope.

Anapambana. Yotamu anamunyamula pamapewa, a Mbalule akuvina patsogolo, chikho chili pamimba. Ine ndinatulukira kakhomo komwe kaja, ndinabweza ovolosi, ndinasamba kumaso pampopi, n'kukakhala kuseri kwa mpanda pansi pa mlambe. M'mutu mwanga munali modzaza mawu. Ndinkawasanja kuti ndiyambe ndi ati, za mnyamata uja kaye kapena za makona.

Yotamu anabwera akuthamanga, akuseka ngati mmene ankasekera ali mwana. Anagwada n'kundigwira manja onse awiri.

"Amayi, mwamva? Chikho tatenga! Ndinu mwatithandiza. Kupirira kwanu kuja, kosalowa zaka zonsezi, lero kwalipira. Ngakhale a Mbalule anena okha kuti tikuthokozeni."

"Ndinali mkatimo," ndinatero.

Anasekabe pang'ono, ngati sanamve.

"Ndinali pakona, Yotamu. Wa chipewa cha mlaza uja. Mzere umene unaimapo lero ndajambula ndine, ndipo kadzenje kanu kaja ndinakaponda kutacha. Ndakuona kuyambira wezulo yoyamba mpaka yomaliza."

Anasiya manja anga. Anatembenuka kuyang'ana kumanzere, kumanja, kumene kunali basi. Kenako anayang'ana mapazi anga. Laimu anali akadali pakati pa zala. Anadzuka n'kusuntha pang'ono chambuyo, pang'ono chabe, koma mayi saphonya zinthu zotere.

"Anakuonani ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Palibe."

"Musauze munthu, Amayi. Chonde. Zikanatha kuipa. Mulungu yekha ndiye watiteteza."

Ndinadikira. Ndinaganiza kuti mantha akamuchoka andifunsa chimene mwana aliyense amafunsa amake akamuonera. Ndinamuyang'ana m'maso kuti ndimuthandize. Iye ankasisita kachingwe kakuda kaja ndi chala. Basi inaliza hutala, anati ayimba foni akafika, n'kupita. Sanathamange ngati kale, koma sanachewukenso.

A Mbalule ndinawada zaka zonsezo, ndipo kuwada kunali kosavuta. Pansi pa mlambe paja ndinapeza kuti mkwiyo wanga wasamukira pamunthu amene sindingathe kumuda. A Mbalule ananditsekera kunja, ndinapirira. Koma pamene ine ndinkasunga njinga ndi kukupiza moto, iwo anali mkati ndi mwana wanga, akumuphunzitsa kuopa mapazi a amake, ndipo iye anakhoza bwino phunzirolo.

Panopa Yotamu akuphunzitsa kusukulu ina kuseri kwa mapiri, kumene bwalo lake ana amadyetserako ng'ombe. Ine ndikuyendabe. Mvula ikamapita kumapeto ndimamanga kathumba n'kutsata mipikisano ya makoleji, tauni ndi tauni. Pageti pamakhala anthu ena, a zipewa zina, ndipo sandidziwa. Ndimalipira, ndimalowa, ndimakhala kumbuyo kwa golo. Masewero akatha ndimamuitana goloboyi aliyense, wopambana kapena wogonja, n'kumuuza mmene wasewerera. Ena amathokoza, ena amandiona ngati wozungulira mutu.

Yotamu amayimba foni mwezi ndi mwezi. Amafunsa za mvula, za denga, za bondo langa. Ndi mwana wabwino, aliyense amatero. Mpaka lero sanandifunse kuti tsiku lija anasewera bwanji, ndipo ine sindidzayamba ndine.